Pampu Yoti Indilole Kubwera Kwathu

12 Malichi

Amake Kanyerere,

Landirani moni wanga. Ndikhulupirira kuti muli bwino, inuyo, Kanyerere, ndi mlendo ali m'mimbayo. Ine kuno ndilipo, kungoti chimvereni nkhani yanu mtima sukukhala m'malo. Pa foni paja ndinangoti "zikomo" ngati mwandipatsa madzi akumwa, chifukwa ndinamva amayi akutsokomola pafupi nanu. Mayi anga ndimawadziwa, akamatsokomola choncho ndiye kuti khutu lili pa foni. N'chifukwa chake ndabwerera ku pepala. Adalaivala a thiraki alonjeza kuti azikupatsirani m'manja mwanu.

Ndinene mosazungulira. Ulendo uja wa mwana wathu wamwamuna ndinafika atamuika kale m'manda, inu mutagona choyang'ana kukhoma, ndipo nkhope yake sindinaione. Zimandipwetekabe. Ulendo uno ayi. Anamwino akuti Sepitembala, ndiye ine kumapeto kwa Ogasiti ndidzakhala ndili pakhomo, ndipo tsiku lakelo mudzandipeza pabenchi ya kuchipatala. Ndalemba dala kuti mudzandigwire nazo pakamwa.

Za ntchito zili chonchi. Adokotala a mano aja anagulitsa nyumba ya dimba ija mu Januwale. Tsopano akukhala m'nyumba yosanja, m'mwamba, mopanda ngakhale udzu umodzi woti ndimwete. Ndinkaona kuti zanga zada, koma inandipulumutsa ndi thanki. M'chipinda china chopanda zenera aikamo thanki ya galasi, kutalika kwake ngati bedi lathu, yodzaza madzi a mchere, ndipo akuwetamo makorali. Poyang'ana mungati ndi maluwa omera pamwala, ena achikasu, ena ofiira okhala ndi nthambi. Koma si maluwa, ndi tizilombo, tili ndi pakamwa ndi timanja. Akuti makorali ambiri amakhuta ndi kuwala ngati mbewu, koma awa ndi a m'mapanga a pansi pa nyanja, dzuwa alibe nalo ntchito. Kuyenda sayenda. Amangotambasula timanjato n'kumadikira kuti madzi awabweretsere chakudya, ndipo madzi akaima ndiye kuti agona ndi njala.

Pampu imene ili m'thankimo ndi nkhalamba, imangopuma wefuwefu. Chakudya chimagwera pansi n'kuwolera pomwepo. Ndiye pampu yeniyeni ndine. Ndimatenga sirinji yopanda singano, n'kumadontheza chakudya pakamwa pa kalikonse, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kenako n'kutakasa pansi kuti nyansi zichoke. Munthu wandevu zanga kudyetsa miyala! Mlonda amene ndimagona naye chipinda chimodzi, timamuti Wamtali, wanditcha kale namwino wa miyala.

Zimene ndatumiza mugawe chonchi: za kuchipatala poyamba, kenako magetsi, zotsalazo nsapato za Kanyerere. Ndowa musanyamulenso. Ndiwo zamasamba za kuseri kwa nyumba zikafuna kufota zifote. Muitane mng'ono wanu adzakhale nanu.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a Kanyerere


16 Epulo

Amake Kanyerere,

Moni nonse. Yanu ndalandira, ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mopindamo. Mwati mapazi akutupa. Kodi anamwino mwawauza, kapena mwauza ine ndekha? Ine ndili bwino, kupatula zala zimene zasweka ndi mchere.

Ndinalimba mtima, ndinawapempha Adokotala tchuthi cha mwezi wathunthu. Anali akumwa khofi choimirira, monga amachitira.

"Nkhani yabwino imeneyo," anatero. "Nanga awa adya chiyani?"

Ndinati, "Bwana, inu simungamawadonthezereko?"

Anaseka. "Ine ndimachoka kusanache, ndimabwera kutada. Ukachoka iwe sabata imodzi, ndidzapeza manda a galasi."

Si munthu woipa, musamuone choncho. Kungoti miyala yakeyo amaikonda ngati ana, makamaka lina lofiira lotambasuka ngati chikupiziro, limene anachita kuitanitsa kutali. Kenako anandiuza kuti njira ilipo. Akuti kuli kamakina kodontheza chakudya kokha, koma kamakinako n'kachabe ngati madzi sakuyenda bwino, chifukwa chakudya chiyenera kuyandama mpaka chifike pakamwa pa kalikonse. Nkhani yonse ili pa pampu. Thanki ikatha kudzidyetsa yokha milungu iwiri ine osaikhudza, ndidzapita kwathu.

Apa ndiye pakamwa panga panandithamangira. Ndinati, "Bwana, za mapampu musavutike. Kwathu ine ndimakonza mapampu a m'madimba, ndi maso otseka." Inu mukudziwa kuti si bodza. Anandipatsa adiresi ya sitolo yogulitsa nsomba zoweta, akuti ndikasankhe ndekha.

Ndapitako kawiri. Amake Kanyerere, mapampu alipo padziko pano! Ena ngati chibakera, ena aatali ngati mpini, ena amakakamira pagalasi ndi maginito, china m'kati china kunja. Mwini sitoloyo ndi mayi wina wovala magalasi pamphumi, pamaso ayi. Anandifunsa kutalika kwa thanki, mtundu wa makorali, ndi pamene miyala yakhala. Ine ndinkangofunsa chimodzi, kuti yamphamvu kuposa onse ndi iti.

Wamtali akundisowetsa mtendere. Akuti, "Iwe mnzanga, unaonapo mlonda akuthandiza abwana kusankha kamera?" Ndamuuza kuti asamale za geti yake. Komabe ndikagona mawu akewo amandizungulira m'mutu.

Za mlamu wanu amene akufuna kubwereka njinga, mukanizeni mwaulemu. Ulendo watha anabweza ilibe belu. Kanyerere mumuuze kuti chithunzi cha nsomba anajambula chija ndamata pakhoma, ngakhale kuti nsombayo ili ndi miyendo.

Wanu,
Bambo a Kanyerere


21 Meyi

Amake Kanyerere,

Moni wa chimwemwe. Muli bwanji? Nanga mlendoyo, mwati wayamba kumenya mateche? Ameneyo watengera ine, kusakhazikika. Ine ndili bwino kwambiri, ndipo lero ndikulemba uku ndikuimba likhweru.

Pampu ndagula. Mayi wa magalasi uja anafuna kundizunguza mutu. Anandionetsa mapampu awiri aatali okhala ndi timapiko tambiri, akuti imodzi ikhale mbali ino, ina mbali iyo, azisinthana. Ino ikankhe madzi pang'onopang'ono n'kuleka, iyo iwabweze.

"Madzi a m'phanga la m'nyanja sathamanga ngati a m'paipi, bambo," anatero. "Amayenda onse pamodzi, motakata, amapita n'kubwerera. Timanja take n'tofewa. Mukatiwomba kwambiri timafunya, chakudya n'kumangodutsa."

Ndinafunsa mtengo, ndinachita kugwira tebulo. Kuwonjezera apo akuti alibe okwanira thanki yathu, ayenera kuitanitsa, tidikire mwezi kapena kuposa. Mwezi! Ine ndikuwerengera Ogasiti, iwo akundiuza za mwezi.

Pashelefu ya pansi ndinaona mnzanga weniweni. Pampu yakuda, yolemera, ya mphuno imodzi yotulutsira madzi, yofanana ndi aja ndinkamasula m'madimba. Nambala ya malita yolembedwa pabokosi inaposa mapampu awiri aja kuwaphatikiza, mtengo wake ndi wochepa kwambiri, ndiponso inali pomwepo yongonyamula.

Mayiyo anatsitsa magalasi, kanali koyamba kuwaona ali pamaso. "Imeneyo ndi yokweza madzi kuchokera pansi kupita m'mwamba. Si youlutsira chakudya."

Ndinati, "Mayi, madzi ndi madzi. Ndakhala ndikuwakankha kuyambira ndili mnyamata."

"Mukatsegula bokosi sindilandiranso," anatero, n'kundilembera lisiti.

Anthu a m'masitolo ndi choncho, amafuna ugule chodula. Ndaimanga dzulo. Mukanaona! Chakudya chonse chimene chinkagona pansi chinanyamuka, mchenga kuvina, thanki yonse kuwira. Adokotala anabwera atatopa, anangosuzumira pakhomo, ndinawauza kuti ndawapulumutsira ndalama zambiri, anandigwira paphewa. Makorali afunya pang'ono, koma ndi manyazi a chinthu chachilendo, azolowera.

Ndiye yambani kukonzeka. Denga la kuchipinda lija likudontha pakona, muuze akalipentala alikonze ndisanafike, ndidzawalipira ndekha. Mugule nsalu zofewa ndi beseni latsopano, lakale lija tinagulira mwana wathu anatisiya uja musagwiritsenso ntchito, mukudziwa chifukwa chake. Mwina ndifika msanga kuposa mmene ndinanenera.

Ndine wanu yemwe uja,
Bambo a Kanyerere


4 Juni

Amake Kanyerere,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo.

Mwezi uno zimene nditumize zichepa, wamawanso chimodzimodzi. Akalipentala aja muwaimitse kaye. Amayi musawauze kanthu.

Lofiira lija la Adokotala lasenda mbali imodzi. Madzi a pampu ija ankaliwomba pamalo amodzi usana ndi usiku, mpaka mnofu unachoka, kwatsala nthambi zokhazokha ngati mtengo umene mbuzi zakungudza. Achikasu atatu amene anali kuseri kwa mwala afa ndi njala, chifukwa kumeneko madzi sankafikako n'komwe. Kutsogolo chimphepo, kuseri chithaphwi.

Adokotala sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakhala pampando m'chipinda chamdimacho, kenako anati, "Pampuyo ndi yako, uichotse." Mtengo wake akundidula pa malipiro. Ili pansi pa bedi langa m'bokosi lake. Amati safunsa anadya phula. Ine kufunsa ndinafunsa, koma phula ndadya ndithu.

Za tchuthi sitinakambenso. Ndabwerera ku sirinji. Zina ndidzakuuzani pamaso.

Mwati msana ukukupwetekani. Musadikire tsiku la sikelo, pitani mawa.

Bambo a Kanyerere


2 Julayi

Amake Kanyerere,

Moni kwa inu ndi onse pakhomopo. Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndinkayembekezera kuti mundinyoza, koma inu mwangolemba kuti, "Bwererani kwa mayi wa magalasiyo, manyazi sapha." Ndinabwerera. Ndinazungulira sitoloyo kaye ngati ndataya kanthu, kenako ndinalowa.

Anandiseka, osabisa ayi. Atatha kuseka anati, "Lafa lonse?" Nditamuuza kuti mbali imodzi ili moyo, anatseka sitolo masana omwewo n'kubwera nane kudzaona. Adokotala anavomera kugula mapampu awiri aja, ndipo afika sabata yatha, msanga kuposa mmene mayiyo ananenera. Za tchuthi akuti mawu awo sanasinthe, koma ulendo uno afuna aone ndi maso.

Kuika pampu si ntchito, ntchito ndi kupeza malo ake. Mayiyo anandiphunzitsa kumanga tiulusi pa kamtengo n'kukaviika m'madzi, malo ndi malo. Ulusi ukawongoka ngati waya, madzi achuluka mphamvu. Ukalendewera, pamenepo pali njala. Uyenera kuweyama mofatsa, kupita uku, kudikira, n'kubwerera uko. Ukafuna kusuntha pampu sunyowetsa ndi dzanja lomwe, umangokankha maginito a kunja kwa galasi, ya m'katiyo imatsatira. Kusuntha kwa chala chimodzi kumasintha thanki yonse.

Palinso kabokosi kamene kamauza mapampu nthawi yosinthana. Kamakina ka chakudya kakadontheza, kabokosiko kamachepetsa pampu yopita ku sefa, kuti chakudya chizungulire kaye m'thanki chisanasefedwe. Taikanso batire, kuti magetsi akathima madzi asaime. Lofiira lija talitembenuza kuti madzi azidutsa pakati pa nthambi zake.

Koma kudikira kwake! Ukasuntha lero, makorali amakuyankha mkuja. Mayiyo akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ine kudekha ndilibe. Ndimayenda m'chipindamo uku ndi uku mpaka Adokotala anandifunsa ngati ndili ndi nsikidzi m'nsapato. Pakona ya kumanzere pakadali chithaphwi, ulusi umangogona, ndipo mpaka pamenepo patakonzeka milungu iwiri yoyesera ija siyamba.

Wamtali wasiya kundiseka, tsopano amangopukusa mutu. Dzana anati, "Ukumanga bwino mnzanga. Ukamaliza undiuze, ndikuthandize kunyamula chikwama."

Mwalemba kuti anamwino akuti muzigona kwambiri, ndiponso kuti magazi akuthamanga. Mwalemba mzere umodzi wokha, pansi penipeni, pambuyo pa nkhani ya nkhuku. Ndakuonani. Mundiuze zonse, ndine mwamuna wanu, si mlendo. Mng'ono wanu asachoke pakhomo ngakhale kupita kumsika, atume ana a oyandikana nawo.

Ndatumiza kabulangete kachikasu ndi adalaivala. N'kochepa, koma n'kofunda.

Wanu,
Bambo a Kanyerere


30 Julayi

Mkazi wanga,

Sindikudziwa ndiyambire pati. Muli bwanji? Mwadzuka? Mng'ono wanu anandiimbira ndili pamakwerero, sirinji ili m'manja. Anangoti, "Alamu, kwabadwa mwana wamkazi, koma wafulumira." Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinalira, sindibisa, ndipo sindikudziwa ngati kunali kulira kwa chimwemwe kapena kwa mantha.

Benchi ija ndinalonjeza yakhala yopanda munthu. Kawiri tsopano. Madzi akatayika saoleka, koma mundikhululukire.

Akuti kamwanako n'kochepa moti kabulangete kaja kakukakulunga kawiri. Akuti sikangathe kuyamwa, ndiye mukufinya mkaka n'kumakadonthezera pakamwa ndi sirinji maola awiri aliwonse, ndipo nthawi yonse kali pachifuwa panu kuti kafunde. Ndinamufunsa mng'ono wanu kuti akukulandirani ndani. Akuti iye ali ndi Kanyerere kunyumba, amayi manja amanjenjemera, anamwino ndi ochepa. Ndiye kuti muli nokha.

Ndinafuna kukwera basi tsiku lomwelo. Ndinalowa m'chipinda cha Adokotala osagogoda. Anandimvetsera, anandigwira dzanja, kenako anati, "Pakona paja pakonzeka. Milungu iwiri tiyambe lero. Ikatha bwino, ndikulipirira ulendo ndekha. Ukachoka lero sindikuletsa, koma ndiyenera kupeza wina mawa."

Amake Kanyerere, m'thumba mwanga munalibe ngakhale ya theka la njira, inu mukudziwa kumene zinapita. Ndiye ndatsala. Mukandikwiyira sindikudandaulani.

Tsopano lamulo ndi lakuti thanki ndisaikhudze. Ndimasesa, ndimachapa, ndimasita malaya a Adokotala, chipinda chamdima ndimangochidutsa. Manja akundiyabwa. Ikakwana nthawi imene ndinkadyetsa, ndimapezeka ndaima pakhomo pake, khutu pachitseko, kumvetsera mapampu akusinthana. Miyala ikudya yokha kuseri kwa chitseko, mwana wanga akuvutika kumeza kutali, ine ndili pakati ndi tsache. Chakudya sichikulowa, tulo sitikubwera.

Pomudonthezera musafulumire. Dontho limodzi pambali pa kamwa, osati pakati, mudikire ameze, kenako lina. Akafunya milomo mulekeni apume. Anamwino akuuzani kale, ndikudziwa, ndipo mumvere iwo osati ine. Kungoti ndi chokhacho chimene ndingakupatseni lero.

Dzina mumupatse inu, musandidikire. Mwavutika ndinu.

Mwamuna wanu


16 Ogasiti

Amake Kanyerere, amake kamwana,

Moni. Mng'ono wanu akuti kawonjezera pang'ono pa sikelo, ndipo akuti dzulo kanatsegula maso n'kukwinya nkhope ngati amayi. Mulungu alemekezeke. Akutinso anakupezani mutagona chokhala, sirinji ili m'manja, mkaka utatayikira pansalu. Zimenezo inu simunandiuze.

Kalatayi ipita ndi adalaivala mawa, ine ndinyamuka Lachisanu, ndiye mwina tidzafika pamodzi. Komabe ndilembe, chifukwa pali zina zimene pamaso ndingachite nazo chibwibwi.

Sabata yatha Wamtali anandikhazika pansi. Anati, "Mwana wabadwa kale, chothamangira n'chiyani? Kamwana kotero kamafuna ndalama, nkhope yako sikadya. Thanki ija ikapambana mayeso, iwe watha. Lowa masana abwana kulibe, ukankhe maginito aja chala chimodzi chokha. Afote awiri atatu, abwana adziwe kuti popanda iwe palibe chimene chingayende. Ndani adzadziwe?"

Sankanena mwa nkhanza. Iyenso ali ndi ana kwawo. Ndipo ndikuuzeni zoona, ndinalowa. Linali Lachitatu masana, ndinatseka chitseko, ndinayatsa kanyale kabuluu, ndinaika dzanja pa maginito.

Nthawi yomweyo kamakina kanadontheza chakudya. Ndinachiona chikuyandama, chikuyenda chonse pamodzi kupita kumanja, n'kuima, n'kubwerera kumanzere, mpaka kuseri kwa mwala kuja. Achikasu onse anali atatambasula. Ndipo lofiira lija, mbali imene ndinasenda ine, mnofu wayamba kukwera pa nthambi, ndipo pamenepo panali timanja tatsopano toyera, tating'ono kwambiri, tikugwira chakudya. Ndinaganiza za inu mutagona chokhala. Awa apeza wowadyetsa amene satopa, inu mulibe. Ndinachotsa dzanja, ndinathimitsa nyale, ndinakatenga tsache langa.

Milungu iwiri ija yatha. Adokotala anawerenga makorali awo limodzilimodzi, palibe lafa. Anasangalala ngati mwana. Kenako anandiitanira kukhitchini, anandithirira khofi ndi dzanja lawo, chinthu chimene sanachitepo, ndipo ndinadziwiratu.

"Tikiti yako nayi," anatero. "Ndawonjezera malipiro a mwezi wina. Wagwira ntchito yabwino." Anayang'ana m'kapu. "Mayi wa kusitolo uja azitumiza munthu kamodzi pamwezi kudzatsuka mapampu. Zosesa ndi zochapa pali kampani ya m'nyumba muno. Ndiye usavutike kubwerera."

Ndinati zikomo. Walira mvula walira matope. Wamtali sananene kuti ndinakuuza, anangonyamula chikwama changa kuchiika pabedi monga analonjezera.

Mantha ndili nawo, sindikunamizani. Sindikudziwa kuti chaka chamawa tidzadya chiyani. Pampu yakuda ija ndikubwera nayo, popeza ndinailipira ndi thukuta langa. Ntchito yake ndi kukweza madzi, ndiye ikakweza a m'chitsime chathu kupita ku ndiwo za kuseri kwa nyumba, ndowa mudzaiwale. Tikakulitsa dimbalo mwina tidzagulitsako. Denga ndikakhoma ndekha. Amayi akafunsa tsiku lobwerera kuno, muwauze kuti adzafunse ine. Inu nokha ndakuuzani kuti palibe.

Mukapemphe kwa anamwino kuti azidzandilola kulowa, ndidzasamba m'manja mmene angafunire. Sirinji ya kuno ndaisiya, musaope, ndikubwera ndi manja okha. Manjawa adontheza chakudya pakamwa ting'onoting'ono kuyambira Januwale, sanjenjemera ndipo safulumira. Inu mukagona tulo teniteni, chogona osati chokhala.

Kamwanako mukauze kapirire mpaka Loweruka. Namwino wa miyala ali m'njira.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a ana awiri